Thabwa Lomwe Ndinapachika pa Chitseko cha Mayi Kuwabara

Wakuba analowa m'nyumba ya Mayi Kuwabara Lachinayi, dzuwa likuswa mtengo, ndipo palibe mmodzi wa ife amene anamva kanthu. Anaswa kagalasi ka zenera la kukhitchini, n'kulowa ndi nsapato zomwe, n'kupondaponda mphasa zimene mayiwo ankazipukuta chogwada m'mawa uliwonse. Eni nyumba anali m'chipatala, kochotsa ng'ala m'diso. Anabwerako Lachisanu, diso limodzi lomatidwa ndi bandeji, n'kupeza madirowa onse ali pansi.

Ine ndine Sachie Nogami, koma mumsewu muno amanditcha make Rie, potengera dzina la mwana wanga. Pakati pa nyumba yanga ndi ya Mayi Kuwabara pali kampata koti mphaka yekha ndiye angadutsepo, choncho atakuwa ndinali woyamba kumva.

"Make Rie! Make Rie, tabwerani mudzaone zimene andichita!"

Ndinathamanga ndi masilipasi a kubafa. Ndinawapeza atakhala pansi kutsogolo kwa kaguwa ka makolo, pamene pamakhala chithunzi cha malemu amuna awo. Zovala zawo zabwino wakubayo anangozimwaza osatenga. Chimene anatenga ndi wotchi ya malemuwo, imene anapatsidwa tsiku lopuma ntchito ku fakitale ya zitsulo. Inkakhala pafupi ndi chithunzicho, ndipo kwa zaka khumi ndi zitatu mayiwo ankapotokola kakiyi kake m'mawa uliwonse kuti isaime.

"Amayi, bwanji simunandiuze kuti mukupita kuchipatala?" ndinafunsa.

"Ndikuvutitseni ndi diso langa? Inu muli ndi zanu," anatero. Umu ndi mmene tinaleredwera tonse: kufa nazo mumtima kusiyana n'kuvutitsa mnzako.

Loweruka kunabwera mwana wawo, Noboru, amene amakhala ku Yokohama. Ine sindine womvetsera za eni ake, koma makoma athu kuno ku Amagasaki, m'dziko la Japan, ndi opyapyala moti mnzako akayetsemula umamuyankha.

"Amayi, basi kwatha," ndinamva Noboru akutero. "Mwezi uno ukatha mukupita nane. Chipinda chilipo."

"M'mwamba muja? Nyumba ya nambala leveni kuchokera pansi? Ndizikatani kumeneko, kuwerenga mitambo?"

"Kumeneko kuli mlonda pakhomo, kuli makamera. Kuno muli ndi ndani? Masiku anayi nyumba ili yokha, munthu waswa galasi masana, palibe ngakhale mmodzi wosuzumira. Mukanakhala muli m'katimo bwanji?"

"Ndakhala muno zaka makumi asanu ndi ziwiri. Iweyo unabadwira apa pamene wakhalapo."

"Ndiye mufere pomwepa? Sindilola."

Ine kuseri kwa khoma ndinadziwa kuti mawu akuti "palibe wosuzumira" ankanena ine.

Pamene ndinkakwatiwa mumsewu uno, zoterezi sizikanatheka. Nthawi imeneyo chumuni cha bafa la anthu onse chinkafuka utsi kuyambira masana, ndipo madzulo msewu wonse unkapita kumeneko ndi mabeseni m'khwapa. Wogulitsa tofu, chakudya chofewa chopangidwa ndi soya, ankadutsa pa njinga akuliza kalipenga kake, azimayi n'kutuluka ndi mbale. Zitseko sitinkakiya. Mlendo akangolowa mumsewu, asanafike pa nyumba yachitatu anali atafunsidwa kale kawiri kuti akufuna kwa yani. Ndimausowa msewu umenewo, ngakhale kuti miseche yake inkandiliza.

Miseche yambiri inkayenda ndi thabwa la zidziwitso. Nyumba khumi ndi zinayi za gulu lathu zili ndi thabwa limodzi, lokhala ndi chopanira mapepala pamwamba. Kukakhala uthenga, kaya wa zinyalala, kaya wa katemera, kaya wa chikondwerero cha kukachisi, wapampando amaupanira pamenepo. Nyumba iliyonse ikawerenga imadinda chidindo chake n'kupereka thabwalo kwa otsatira. Apongozi anga ankati akanyamula thabwa kupita kwa Mayi Kuwabara, masitepe asanu okha, ankabwerako mpunga utapserera. Ankadziwa amene akudwala, amene wapita kumaliro, amene mwana wake wathawa sukulu. Tsiku lina anandipeza ndikufuna kulisiya pakhomo pa eni ake, ndipo anandikalipira ngati ndaba.

"Mwana iwe, kumeneko n'kupanda ulemu. Gogoda, umuone munthuyo nkhope, umupatse m'manja."

Apongozi anamwalira, bafa linagwetsedwa n'kukhala poimika magalimoto, ndipo ife tinatanganidwa. Wina anayamba kuika thabwalo m'thumba la pulasitiki n'kulipachika pa kamsomali kokhomedwa pachitseko, ndipo tonse tinaona kuti ndi nzeru. Osagogoda, osadzutsa khanda la mwini, osataya nthawi. Tinkaona ngati ndiko kulemekezana kwa masiku ano.

Lolemba lotsatira kunabwera Bambo Shiraishi, wapolisi wa ku kobani, kanyumba kathu ka apolisi ka pafupi ndi siteshoni. Anali munthu wamkulu ndithu, wa imvi m'mbali, woyenda pa njinga yoyera yokhala ndi bokosi kumbuyo. Amuna anga ankamutcha wapolisi wa tiyi, chifukwa ntchito yake inkaoneka ngati kungoyendera nyumba, kufunsa za mphaka ndi za mawondo. Anzake ofufuza anali atabwera kale kudzajambula zala pa zenera. Iye anabwera ndi kabuku kokha.

Anakhala pakhomo panga, chipewa pa bondo.

"Mayi Nogami, ndikufunseni zachabechabe. Sabata yathayi, mukadutsa pa nyumba ya agogowa munkaona chiyani?"

"Palibe, bwana. Makatani otseka basi."

"Pachitseko panalibe kanthu?"

Amuna anga, amene anapuma ntchito ndipo tsiku lonse amakhala pa wailesi yakanema, anatulutsa mutu m'chipinda.

"Make Rie, si paja panali thabwa? Ndinaliona likulendewera ngati chikwangwani cha sitolo."

"Ndiye munaliona osanena?"

"Iwe unalipachika osanena?"

Bambo Shiraishi anakweza dzanja akumwetulira. "Musamenyane, ndilibe malo ku kobani osungira anthu awiri. Mayi, munalipachika liti?"

Ndinaulula zonse. Ndinalipachika Lolemba m'mawa, ndikuthamangira kuntchito kumene ndinkaphika chakudya cha m'mabokosi. Lachiwiri ndinaliona lili pomwepo. Lachitatu mvula inagwa, thumba linanyowa, ndipo ndinangoti mwina apita kwa mwana wawo. Kulichotsa sindinalichotse, chifukwa m'mutu mwanga thabwa likafika pakhomo pa munthu ndi lake mpaka adinde. Kugogoda sindinagogode.

"Aka ndi kachitatu miyezi iwiri ino," anatero Bambo Shiraishi, akutsegula kabuku. "Kuseri kwa sukulu, kumsewu wa malo ochapira zovala, ndi kuno. Ndayenda nyumba zonse zitatu. Maloko ndi osiyana, mazenera ndi osiyana. Chofanana n'chimodzi: paliponse panali thabwa lopachikidwa masiku oposa awiri. Munthu ameneyu savutika. Amangoyenda masana ngati wopita kuntchito. Akaona thabwa lero, mawa abwerenso, alipeze pomwepo, wadziwa kuti muno mulibe munthu ndipo oyandikana nawo sakulabadira."

Ine ndinati, "Ndiye kuti ndine ndinamuitana."

"Wakuba ndi iyeyo, si inu. Koma chizindikiro tinamupatsa ndife." Anatseka kabuku. "Mukudziwa pepala lomwe linali pa thabwa limenelo?"

Ndinkalidziwa, chifukwa ndinadindapo ndekha. Linali lochokera ku kobani komweko, ndipo pamwamba pake panalembedwa ndi zilembo zofiira kuti tichenjere ndi akuba a masana.

Amuna anga anaphulika kuseka. Ine ndinalira, ndipo iwo anabwezera mutu wawo m'chipinda.

Madzulo ake ndinagula makeke a nyemba amene Mayi Kuwabara amakonda, n'kukagogoda. Ndinagwada pakhomo, chipumi pafupi ndi pansi, n'kuwauza zonse. Anandiyang'ana nthawi yaitali ndi diso lawo limodzi lija.

"Dzukani, make Rie, mudetsa siketi. Apongozi anu akanakhalapo akanakukokani khutu."

"Ndikudziwa, amayi."

"Ine akanandikoka onse awiri. Ndinachoka ngati wothawa, osatsanzika." Anatsegula pepala la makeke n'kundipatsa limodzi. Kenako anayang'ana uku ndi uku m'chipindamo, mizati yakuda ndi utsi wa zaka zambiri, mizere ya pensulo pa chipupa pomwe ankayeza msinkhu wa Noboru. "Sindikufuna kupita, make Rie. Kumeneko ndikafa msanga. Kuno ndikatsegula zenera ndimadziwa kuti akutsokomolayo ndi amuna anu."

Kunali kutatsala masabata atatu kuti mwezi uthe.

Bambo Shiraishi anapempha wapampando wathu, Bambo Otsuki, kuti aitanitse msonkhano Lamlungu masana m'holo ya dera. Anthu anabwera ambiri kuposa pa tsiku logawa zikwama zaulere za zinyalala. Panali ngakhale Mayi Hirose, mtsikana amene anasamukira pa nyumba ya pakona chaka chapitacho, ali ndi khanda pachifuwa. Ndinali ndisanalankhule naye n'kamodzi komwe kupatula kugwedezerana mitu.

Bambo Otsuki, amene kale ankagulitsa mpunga ndipo mawu awo sanaphunzire kutsika, anayamba ndi makamera.

"Tiike makamera ngodya zonse! Wakuba akaona diso la galasi amathawa!"

"Inu Bambo Otsuki, foni yanu yomwe mumalephera kuizimitsa pamaliro, makamera muwatha?" anatero Mayi Furuya a kumapeto, ndipo holo yonse inaseka.

Mayi Hirose anakweza dzanja mwamanyazi. "Pepani, ine ndine mlendo. Koma bwanji thabwalo tingolisiya? Mauthenga tizitumizirana pa foni."

Achikulire anang'ung'udza ngati wawatukwana. Mayi Kuwabara, amene anakhala kutsogolo ndi ndodo yawo, anatembenuka.

"Mwanawe, foni yanga ndi ya chingwe. Uthenga wakowo udzadutsa m'chingwe?"

Bambo Shiraishi anadikira phokoso lithe, kenako anaimirira.

"Makamera ndi abwino, mukawapeza ikani. Foninso ndi yabwino, amene muli nayo gwiritsani ntchito. Koma kamera imandithandiza ine zinthu zitachitika kale. Sifunsa munthu kuti, 'Bambo, mukufuna kwa yani?' Akuba amene takhala tikuwagwira tikawafunsa chimene chimawabweza, ambiri amanena chinthu chimodzi: kupatsidwa moni. Munthu akamuyang'ana kumaso n'kumupatsa moni, amadziwa kuti nkhope yake yaoneka, ndipo amapita kwina."

"Ndiye tizipereka moni kwa mbava?" anafunsa amuna anga.

"Kwa aliyense, Bambo Nogami. Mbava sivala chikwangwani. Ndipo thabwa lanuli musalitaye. Vuto si thabwa, vuto ndi msomali womwe mwalipezera. Muzilipereka m'manja. Mukagogoda osayankhidwa, bwererani nalo, dumphani nyumbayo, mudzabwerenso mawa. Mawa mukapezanso zii, funsani oyandikana nawo, ndipo ngati palibe akudziwa, imbani ku kobani. Sikuti ndi akuba okha ayi. Munthu wokhala yekha akhoza kugwa m'bafa."

Tonse tinkadziwa nyumba zingati mumsewu mwathu zili ndi munthu mmodzi yekha, wokalamba.

"Chinanso," anapitiriza. "Mukamachoka kukagona kwina, uzani nyumba ya kumanja ndi ya kumanzere, kuti azikuchotserani nyuzipepala ndi makalata m'bokosi. Uzaninso ife, tizidutsako ndi njinga. Kumeneko si kuvutitsa munthu. Kuvutitsa munthu ndi kumusiya adzadziimbe mlandu pambuyo pake." Apa sanandiyang'ane, ndipo ndinamuthokoza mumtima.

Kenako anatulutsa khadi lachikasu ndi ukalamba. Linali khadi la banja la Kuwabara, limodzi mwa makhadi amene timalemba ku kobani kuti apolisi adziwe woimbira pakagwa vuto.

"Agogo, mwandilola ndiwerenge? Apa palembedwa kuti mutu wa banja ndi amuna anu, ndipo Noboru ndi mwana wa sukulu, wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri."

"Panopa ali ndi dazi," anatero Mayi Kuwabara.

"Ndiye mwaona. Chikhala kuti tinaona zenera loswekalo Lachinayi lomwelo, tikanaimbira ndani? Ndikamabwera pakhomo panu musamangondipatsa tiyi, muzindipatsanso nambala zatsopano. Ndipo chomaliza, ndikupempha ndi mtima wonse: mukaona munthu wokayikitsa, musamugwire, musamuthamangitse. Bambo Nogami, ndikunena inu. Onani nkhope, zovala, nambala ya galimoto, lowani m'nyumba, imbani 110, nambala ya apolisi. Kuthamanga n'kwathu."

"Ndi mawondo angawa ndingathamangitse ndani?" anatero amuna anga. "Kamba yemwe angandisiye."

Tinagwirizana zonsezo, ndipo Bambo Otsuki analonjeza kuti adzayenda yekha kuchotsa timisomali tonse ta pa zitseko.

Sindinganame kuti zinayenda bwino tsiku lomwelo. Ulendo woyamba thabwa linatenga masiku khumi kuti lizungulire, m'malo mwa anayi. Mayi Furuya anadandaula kuti Bambo Otsuki akabweretsa thabwa amakhala pakhomo ola lathunthu kufotokoza za mitengo ya mpunga ya kalekale. M'nyumba ina munali bambo wogwira ntchito usiku amene anatikalipira chifukwa chomudzutsa, ndipo tinagwirizana kuti iyeyo azilandira madzulo asanapite. Koma msewu unayamba kumveka mawu. Ndinadziwa kuti khanda la Mayi Hirose dzina lake ndi Kotone, ndiponso kuti mayiyo ankalira masana chifukwa chosowa wolankhula naye. Amuna anga anatulutsa miphika yawo ya maluwa kuseri kwa nyumba n'kuiika kumsewu, ndipo anayamba kuthirira nthawi imene ana amaweruka kusukulu, akupereka moni kwa aliyense mpaka wotumiza katundu yemwe. Maluwawo anatsala pang'ono kuola ndi madzi.

Mayi Kuwabara anaikitsa galasi latsopano ndi maloko atsopano, monga anawalangizira Bambo Shiraishi, n'kulembanso khadi lawo. Anamuimbira Noboru kumuuza za msonkhano. Ndinamva mbali yawo yokha ya nkhaniyo, ndipo inali yaifupi.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa pa zenera.

"Akuti anthu amachita khama sabata ziwiri, kenako amaiwala. Akubwera Loweruka la pa 30 ndi makatoni."

Ndinaona kuti mwina Noboru ankanena zoona.

Lachisanu la pa 29, Mayi Kuwabara anali ndi tsiku lokaonetsa diso kuchipatala. Ulendo uno anachita zonse mwa dongosolo, monyadira ngati mwana wovala yunifolomu yatsopano. Anauza ife, anauza Mayi Hirose, ndipo podutsa pa siteshoni anagogoda pa galasi la kobani ndi ndodo yawo kuti, "Bwana, ndachoka, ndibwera cha m'ma 3." Ine ndinapempha tchuthi kuntchito n'kuwaperekeza.

Tikubwerera, titangokhota pa ngodya ya msewu wathu, tinaona njinga yoyera itaima pa geti la Mayi Kuwabara. Pambali pake panali galimoto yaing'ono yonyamula katundu. Anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi anali ataima patali pang'ono. Mayiwo anandigwira mkono mwamphamvu.

"Abweranso," ananong'ona.

Titayandikira tinaona Bambo Shiraishi ataimirira m'kampata kaja ka mphaka, akulankhula ndi munthu wovala kapusi ndi chophimba pakamwa. Munthuyo ankafufuza m'matumba mwake, khosi lili lofiira.

"Ndakuuzani kale, bwana, ino ndi nyumba ya amayi anga!"

"N'kutheka ndithu, bambo. Ndiye laisensi yanu ili kuti?"

"Ili m'galimoto!"

"Tiyeni tikaione limodzi, pang'onopang'ono."

Mayi Kuwabara anaima, n'kusuzumira ndi diso lawo latsopanolo. "Noboru? Iwe, ukutani kuseri kumeneko ngati khoswe?"

Zinachitika ndi izi. Noboru anapeza mpata kuntchito, n'kubwera tsiku limodzi msanga osauza munthu. Anabwereka galimoto pa siteshoni n'kudzaza makatoni opinda. Atafika anapeza pakhomo pokiya, ndipo kiyi wake wakale anakana kulowa. M'malo modikira, anazungulira kuseri n'kuyamba kuyesa mazenera limodzilimodzi.

"Ine ndinamupatsa moni kawiri," anatero amuna anga, atagwira chothiririra chawo ngati mfuti. "Ndati, 'Mwaswera bwanji, mukufuna kwa yani?' Iye wangogwedeza mutu, foni kukhutu. Ndati, ameneyu si wabwino."

"Bambo Nogami, simunandizindikire? Si inu munandiphunzitsa kupalasa njinga?"

"Amene ndinamuphunzitsa njinga anali ndi tsitsi, ndipo ankayankha moni."

Mayi Hirose anali ataima kumbuyo, khanda pachifuwa, nkhope ili gwaa ndi manyazi. "Ndine ndinaimba," anatero. "Agogo anandiuza kuti kulibe munthu mpaka 3 koloko. Ndinaona munthu akugwedeza zenera, ndinalemba nambala ya galimoto, ndinalowa m'nyumba n'kuimba. Pepani kwambiri, sindinadziwe kuti ndi mwana wawo."

"Musapepese, mayi," anatero Bambo Shiraishi. "Mwachita ndendende zimene tinagwirizana. Kuli bwino ndipalase njinga kakhumi pachabe kusiyana n'kubwera kamodzi mochedwa." Anatembenukira kwa Noboru, amene tsopano anali atavula chophimba pakamwa chija. "Pepani bambo, mwachita manyazi pakhomo panu pomwe. Dzina lanu lili pa khadi latsopano, ndikanakuimbirani kukuuzani kuti kwa amayi anu kuli munthu wokayikitsa. Foni ikanalira m'thumba mwanumo."

Anthu anaseka mpaka ena kugwira mimba. Noboru sanaseke. Anayang'ana wotchi yake.

"Bwana, kuchokera pamene ndinafika mpaka pamene munafika inu, papita mphindi zingati?"

"Mayiwa anaimba 2:14. Ine ndinafika 2:20."

Noboru anakhala pa sitepe ya pakhomo, kapusi m'manja. Anayang'ana amuna anga, anayang'ana Mayi Hirose ndi khanda lake, anayang'ana Bambo Otsuki amene anabwera ndi masilipasi osiyana. Amayi ake anakhala pambali pake.

"Kumene ndimakhala kuja," anatero Noboru, "ndathako zaka khumi ndi ziwiri. Wa khomo loyandikana nalo sindimudziwa dzina. Ine ndi akazi anga timachoka 7 m'mawa, kubwera 8 usiku. Amayi mukanakhala nokha tsiku lonse." Anapukuta kumaso ndi dzanja. "Ndimaopa, amayi. Foni ikalira kuntchito ndimaganiza kuti ndi za inu."

"Ndikudziwa, mwana wanga."

"Mukufunadi kukhala?"

"Ukundifunsa lero? Bwenzi utayamba ndi funso limenelo, sukanawononga ndalama pa makatoni."

Noboru anaseka tsopano, maso ali onyowa. Anaimirira n'kuwerama kwa ife tonse, kuwerama kwenikweni kofika m'chiuno, n'kukhala choncho nthawi yaitali.

"Ndikusiyirani amayi anga. Chonde muziwayang'anira."

"Ifenso azitiyang'anira," anatero Mayi Furuya. "Diso lawo latsopanolo likuona mpaka fumbi la pa makatani anga."

Makatoni aja sanatsike n'komwe m'galimoto. Asanabwerere, Noboru anayenda nyumba zonse khumi ndi zinayi kusiya nambala yake ya foni, ndipo anandipatsa kiyi mmodzi kuti ndizisunga. Wakuba weniweni anagwidwa patapita miyezi inayi, ku dera lina, apolisi ataimbiridwa foni ndi mayi wina amene anamupatsa moni iye n'kuthawitsa nkhope. Wotchi ija sinapezeke. Anali ataigulitsa kalekale, ndipo Mayi Kuwabara anailira mpaka mapeto.

Anakhala m'nyumba yawo zaka zina zisanu ndi chimodzi. Mumsewu mwathu simunalowenso wakuba nthawi yonseyo. Chaka chachinayi, m'nyengo yozizira, ndinagogoda ndi thabwa m'manja osayankhidwa, pamene sanandiuze za ulendo uliwonse. Sindinadikire mawa. Ndinatsegula ndi kiyi uja n'kuwapeza atagwa m'khitchini, mwendo utathyoka, atagona pansi ola limodzi lokha. Ambulansi itabwera anandikoka dzanja n'kunena kuti, "Make Rie, musaiwale kudumpha nyumba yanga." Anachira, n'kubwerera kwawo.

Bambo Shiraishi anapuma ntchito, ndipo pa njinga yoyera pakukwera mtsikana wina amene amamwa tiyi wochepa koma amafunsa mafunso omwewo. Bafa la anthu onse silidzabwereranso, wa tofu ujanso ayi. Zimenezo ndinazivomereza. Koma chimene chinkateteza msewu wakale sichinali bafa kapena tofu. Chinali chakuti tinkaonana nkhope tsiku ndi tsiku, ndipo chimenecho tinachipezanso.

Kwa inu amene mukuwerenga, uthenga wanga ndi wachidule. Dziwani amene akukhala kumanja ndi kumanzere kwanu. Mukamachoka auzeni, ndipo musalole kuti pakhomo pa mnzanu paunjikane zinthu zoonetsa kuti palibe munthu. Perekani moni kwa mlendo aliyense mumsewu mwanu. Mukakayikira, musalimbane naye, itanani apolisi, ndipo musachite manyazi mukapezeka kuti munalakwitsa. Wapolisi mmodzi sangaone msewu wonse, koma nyumba khumi ndi zinayi zikhoza. Ine ndinaphunzira zimenezi mnzanga atataya kale chinthu chimene sichidzabwerera. Inu gogodani lero.